Ndagi, mawu otembenuza kapena sudoku: sewero loyesa nzeru liti likuyenera masiku oseketsa a pakalendala?

Pakalendala ya dziko lathu pali masiku amene sitiseweretsa. Pa 15 Januwale timakumbukira John Chilembwe, pa 3 Malichi anthu amene anafera dziko lino, pa 14 Meyi Kamuzu, pa 6 Julayi ufulu wodzilamulira, ndipo pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala. Amenewo ali ndi mwambo wake. Koma aliyense amene foni yake imalowa pa intaneti waonapo masiku ena ongotulukira pa Facebook m'mamawa: lero ati ndi tsiku la dzira, mawa la anthu amanzere, mkuja lochita zinthu chafutambuyo. Ambiri mwa masiku oterewa anayambira ku America ndi ku Ulaya, ena anayambitsidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pongofuna kuseka, ndipo palibe amene amajomba kuntchito chifukwa cha iwo.

Kwa mphunzitsi woyang'anira kalabu ya Chichewa kapena ya masamu, kwa mtsogoleri wa achinyamata kumpingo, ngakhale kwa amene amayendetsa gulu la WhatsApp la anthu a kwawo ku Mkanda kapena ku Kapiri, masiku amenewa ndi chonamizira chabwino chobweretsera masewera oyesa nzeru. Pamavuta ndi posankha mtundu wa sewero. Ambiri amathamangira kukatapa zimene zili kale pa intaneti, n'kuzimasulira m'Chichewa, kenako n'kumadabwa kuti ana akuyasamula. Muyezo wanga ine ndi uwu: sewero labwino ndi limene msampha wake wachokera m'tsikulo, osati longomatidwa dzina la tsiku pamwamba. Ndimayang'ananso kumene anthu adzakhale pa tsikulo. Pa 29 Januwale, pamene anthu a ku America amati ndi tsiku la masewera oyesa nzeru, kuno ku Mchinji manja a anthu ambiri amakhala ali pa khasu ndi pa fodya, osati pa cholembera.

Ndagi

Ndiyambe ndi zathu zomwe. Ndagi, zimene ena amati zilapi, sizifuna pepala, choko, magetsi kapena bandulo. Anthu akusoka fodya m'chigafa kapena akuthothola mtedza pabwalo atha kumaponyerana ndagi ntchito ili mkati. Agogo amene sanapite kusukulu amalowa nawo, kawirikawiri n'kupambana. Pa wailesi ngati ya Mudzi Wathu zimayendanso bwino, poti womvera safunika kuona kanthu.

Tsiku la dzira limakhala Lachisanu lachiwiri la Okutobala, ndipo linakhazikitsidwa mu 1996 ku Vienna ndi bungwe la alimi ndi amalonda a mazira. Ndagi ya tsikulo ilipo kale: "Nyumba yanga yopanda khomo." Apa ndiye pali kufooka kwa ndagi zakale. Mwana wa Sitandade 3 amayankha musanamalize n'komwe kufunsa, chifukwa sakuganiza, akungokumbukira zimene anamva kwa amalume ake. N'chimodzimodzi "Zungulira uko tikumane". Palibe amene amalephera kunena kuti lamba.

Mankhwala ake ndi kutembenuza ntchito. Perekani yankho inuyo, anthu apeke ndagi. Auzeni kuti yankho la lero ndi dzira, gulu lililonse libweretse ndagi yatsopano imene palibe anaimvapo. Mumalandira zinthu ngati "Ukandigwetsa ndafa, ukandikhalira ndiyenda," ndipo amene wapeka zoterezi waganizadi, chifukwa wakumbukira kuti nkhuku imafungatira masiku 21 kuti mwanapiye atuluke. Ndagi zopekedwa pompo ndimaziika pamwamba. Zoloweza pamtima n'zotenthetsera magazi chabe masewera enieni asanayambe.

Mawu otembenuza

Pa 31 Januwale ena amati ndi tsiku lochita zonse chafutambuyo: kuvala malaya motembenuza, kudya chakudya chamadzulo m'mawa, kuwerenga mawu kuyambira kumapeto. Kumeneko amatembenuza lembo ndi lembo. M'Chichewa zimenezo sizitheka bwino, chifukwa mawu athu amathera ndi lembo la liwu ndipo malembo ngati mb, nd, nkh, ts ndi dz amayendera limodzi. Tembenuzani "nsima" lembo ndi lembo, mupeza "amisn", lilime likana. Koma mukatembenuza maphatikizo, chilankhulo chimatseguka mokoma.

Taonani: wa-la, la-wa. Pa-la, la-pa. Ma-ta, ta-ma. Sa-la, la-sa. Ta-pa, pa-ta. Ne-na, na-ne. Mba-le, le-mba. Mba-la, la-mba. Onsewa ndi mawu enieni mbali zonse ziwiri. Amene amandikondweretsa kwambiri ndi akwathu kuno kwa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni: ngo-ma, ma-ngo. Gule wa zishango ndi zibonga uja akatembenuka amasanduka chipatso cha mu Disembala. Ndipo pomwepo mwana amaona yekha kusiyana kwa "ngoma" ndi "ng'oma", chifukwa yoomba ija ikatembenuka imapereka "mang'o", zopanda tanthauzo. Mphunzitsi wa Chichewa atha kufuula za kankhodolero sabata yathunthu osamveka, koma pa sewero ili ana amakakamira okha kuti kaikidwe pamalo pake.

Kaseweredwe kake n'kosavuta. Mumafunsa mbali zonse ziwiri ngati ndagi: "Ndikaima chonchi mumandidyera nsima, ndikatembenuka ndine ntchito ya choko pabolodi." Kapena: "Ndikaima chonchi ndimakuberani, ndikatembenuka ndimakugwirirani buluku." Ofunsidwa ayenera kugwira matanthauzo awiri m'mutu nthawi imodzi ndi kufufuza mawu amene akukwanira konse konse. Kumeneko ndiye kuyesa nzeru, ndipo n'kotheka pakamwa pokha, mvula ikugwa, anthu ataunjikana pakhonde.

Pali kenanso kamene ambiri sanakaone. Mawu athu olozera zinthu zapafupi pafupifupi onse amawerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, lembo ndi lembo: uyu, awa, uwu, iyi, ili, izi, aka, iti, uku, apa, umu. Onjezanipo ana, amama, atata ndi ababa. Funsani kalasi kuti ndi liti mwa mawu olozerawa limene likukana kulowa m'gululi. Adzafufuza mpaka apeze "ichi".

Kuipa kwake kulipo. Sewero limayenda ndi mawu a maphatikizo awiri. A maphatikizo atatu otembenuka bwino ndi osowa, choncho nkhokwe imatha msanga mukamasewera pafupipafupi. Mikangano nayonso sichedwa. Wina adzatembenuza mawu n'kuumirira kuti zotulukazo ndi Chichewa cha kwawo, ndipo kuno kufupi ndi malire a Mwami, kumene malankhulidwe a ku Chipata amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, nthawi zina amakhala akunena zoona. Gwirizanani musanayambe kuti woweruza ndani, kaya ndi mtanthauziramawu kaya ndi munthu wamkulu mmodzi amene mawu ake akhale omaliza. Ngakhale zili choncho, pa masewera onse a mawu, ili ndi limene ndingasankhe nditauzidwa kuti nditenge limodzi lokha.

Mawu opingasa ndi otsitsa

Sewero la timabokosi limeneli, lomwe pa Chingerezi amati crossword, linatuluka koyamba pa 21 Disembala 1913 m'nyuzipepala ya New York World, ndipo analikonza ndi Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool. N'chifukwa chake 21 Disembala amati ndi tsiku lake. Kuno tsikulo limapeza sukulu zitatsekera, anthu ali pa kupalira ndi kuthira feteleza, ena maso ali pa Khirisimasi. Ndi tsiku loipa kwa aphunzitsi, labwinoko kwa okonza kapepala ka nkhani za pampingo.

Anthu amalikonda chifukwa limaoneka lapamwamba, koma ndi limene limadya nthawi ya wokonza kuposa onse, ndipo chifukwa chake chili m'chilankhulo momwemo. Yesani kudzaza bokosi lonse ndi mawu a Chichewa, lembo limodzi m'kabokosi kamodzi. Mawu onse opingasa athera ndi a, e, i, o kapena u. Ndiye kuti mzere wotsitsa wakumapeto ukhala wa malembo a liwu okhaokha, ndipo mawu otero kulibe. Mumakakamizika kudetsa timabokosi tambiri kuti mawu azingokhudzana apa ndi apo, mapeto ake yankho limodzi silithandizanso kupeza linzake, pamene kukoma kwa seweroli n'komweko. Kenako pamabwera funso la "ng'ombe": timabokosi 6 kapena 7? Ndiyeno aneni: mukafunsa za ntchito ya kumunda, wina alemba "lima", wina "kulima", wina "amalima", ndipo onse akulondola.

Njira yozembera zonsezi ndi kuika phatikizo lathunthu m'kabokosi kamodzi. Jambulani timabokosi tinayi, tiwiri pamwamba tiwiri pansi:

MBA | LE
LA | MBA

Kupingasa mukuwerenga "mbale" ndi "lamba". Kutsitsa mukuwerenga "mbala" ndi "lemba". Timabokosi tinayi tokha tanyamula mawu anayi, palibe kodetsedwa, ndipo aliyense amene wapeza yankho limodzi wapeza kale theka la mayankho ena awiri. Kotere mumakajambula pabolodi kapena pansi ndi kamtengo, osalipira fotokope. Ana a sekondale mutha kuwapatsa ntchito yopanga kawo ka timabokosi 9. Adzatuluka thukuta, koma adzabwera ndi mawu amene inu simunawaganize.

Choncho mawu opingasa ndi otsitsa a lembo limodzilimodzi ndimawasiyira amene ali ndi kompyuta, makina osindikizira ndi nthawi yotaya. A maphatikizo ndiwo athu.

Kusaka mawu obisika m'gulu la malembo ndingokudutsa mwachangu, poti nzeru zake n'zochepa: ndi maso okha amene amagwira ntchito. Kumathandiza pamene cholinga ndi kukhomereza mawu ochepa m'mutu mwa ana. Tsiku la chimbudzi, pa 19 Novembala, limamveka ngati nthabwala, koma linayamba ndi Jack Sim wa ku Singapore mu 2001 ndipo bungwe la United Nations linalivomereza mu 2013. Limafika mvula yoyamba ili pakhomo, ndipo amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 saliseka. Mlangizi wa zaumoyo atha kubisa "sopo", "chivundikiro", "mpondagiya", "phulusa" ndi "thanzi" m'bokosi la malembo, ana a pulayimale n'kumasaka. Chenjezo limodzi: mukadzaza malo otsala ndi malembo ongotola, werengani mizere yonse kutsogolo, kumbuyo ndi chopendekera musanapite nalo m'kalasi. Maphatikizo athu amagwirana mosavuta, ndipo mawu otukwana amatha kudzipanga okha. Ana ndiwo amayamba kuwaona.

Za pafoni

Wordle, sewero lolota mawu a malembo asanu m'maulendo asanu ndi limodzi, analipanga ndi Josh Wardle. Linatchuka kumapeto kwa 2021 ndipo nyuzipepala ya New York Times inaligula mu Januwale 2022. Ubwino wake ndi woti silifuna foni kwenikweni. Pabolodi, wotsogolera amasunga mawu mumtima, ena n'kumalota. Lembo limene lili pamalo pake amalichonga, limene lilimo koma lasochera malo amalizunguliza, limene mulibe amalidula. Tinene kuti ndi tsiku la dzira ndipo mawu obisika ndi DZIRA. Woyamba akuti MADZI: M adulidwa, koma A, D, Z ndi I onse azungulizidwa. Wochenjera amalizira pomwepo. Wina akayamba ndi NJIRA, apeza I, R ndi A zachongedwa, n'kukondwa, kenako n'kutaya ulendo wina pa MPIRA. Mawu a malembo asanu tili nawo ambiri: nsima, fodya, khasu, mvula, mbuzi, dzuwa, mbewa. Kufooka kwake n'koti lembo lomaliza limadziwika kale kuti ndi limodzi mwa asanu aja, ndiponso dzina la tsiku limaulula yankho. Pa tsiku la dzira musabise "nkhuku", "chisa" kapena "yikira", poti tsikulo limawaulula msanga. Sankhani mawu oyandikira chapatali monga "mbale" kapena "mchere" mutawonjezera kabokosi. Mwaona nokha kuti kulimangirira ku tsiku kumavuta. Ndi sewero labwino la Lachisanu lililonse, osati la tsiku lapadera.

Tsiku la emoji, tizithunzi ta m'mauthenga a pafoni tija, ndi 17 Julayi. Analiyambitsa ndi Jeremy Burge mu 2014, potengera deti limene limaoneka pa kachithunzi ka kalendala m'mafoni a Apple. Pa gulu la WhatsApp mutha kulemba miyambi ndi tizithunzi tokhatokha: nkhope imodzi, chizindikiro chokaniza, nyumba, yankho "Mutu umodzi susenza denga." Apa sewero ndi tsiku zagwirana bwino, ndipo achinyamata amene amati miyambi ndi ya agogo amapikisana mpaka usiku. Koma tizithunzito sanatipangire ife. Chimanga, mtedza, mango ndi mbuzi zilipo. Nsima, khasu, mtondo, nsabwe ndi fisi palibe, ndiye miyambi yambiri yokoma imakanika. Komanso amene ali ndi foni ya mabatani, kapena amene bandulo yamuthera, watsala kunja.

Masewera a kuganiza motsatana

Apa ndi pamene masiku oseketsa amapindulitsa kwambiri, chifukwa ena mwa iwo ali ndi msampha mkati mwawo kale.

Pa 1 Epulo, tsiku la zitsiru, anthu amanamizana. M'malo motuma mwana kukaitana aphunzitsi aakulu amene sanamuitane, mupatseni bodza loti alimasule. Nachi chitsanzo. Pamsika wa Kamwendo sikelo yasowa, ndipo waibisa ndi mmodzi mwa anthu atatu. Wogulitsa mtedza akuti, "Wabisa ndi wa tomato." Wa tomato akuti, "Sindinabise ine." Wa kaunjika nayenso akuti, "Sindinabise ine." Poti lero ndi 1 Epulo, mmodzi yekha ndiye akunena zoona. Wabisa ndani?

Ambiri amaloza wa tomato chifukwa watchulidwa. Koma taonani: wa mtedza ndi wa tomato akutsutsana, ndiye mmodzi wa awiriwa akunena zoona, kaya ndi uti. Choonadi chinali chimodzi chokha, ndipo chathera pamenepo. Wa kaunjika watsala ndi bodza, ndipo bodza lake ndi lakuti sanabise. Sikelo ili pansi pa belo lake. Palibe masamu, palibe Chingerezi, palibe pepala. Mayi wogulitsa zitumbuwa ndi mwana wa Fomu 4 amayambira pamzere umodzi. Kupanga ena n'kosavuta, bola muyese nokha munthu aliyense payekhapayekha ngati wolakwa kuti mutsimikize kuti yankho ndi limodzi. Ndipo musaikemo mayina a anthu enieni a m'mudzi kapena a pasukulu. Kutcha munthu wabodza ndi wakuba, ngakhale m'sewero, kutha kukufikitsani pabwalo la amfumu.

Pa 29 Febuluwale msampha ndi kalendala yeniyeniyo. Dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi pafupifupi maola 6, choncho pa zaka zinayi zilizonse timawonjezera tsiku. Funso losavuta ndi ili: agogo anakwanitsa zaka 64 mu 2024, koma deti limene anabadwa linali litabweranso ka 16 kokha, zatheka bwanji? Anabadwa pa 29 Febuluwale 1960. Lovutirapo ndi ili: mwana wobadwa pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira zaka zingati kuti deti lake libwerenso? Onse amati zinayi. Yankho ndi 8, chifukwa maola aja sakwana 6 enieni, ndipo kalendala imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582 imadumpha tsiku lowonjezera pa zaka zothera ndi 00 pokhapokha zikagawika ndi 400. Chaka cha 2000 chinali nalo, 2100 sichidzakhala nalo, ndiye mwanayo adzadikira mpaka 2104. Choipa cha tsikuli n'chodziwikiratu: mukaliphonya mu 2028, mudikire 2032.

Tsiku la pi, nambala ya m'masamu yoyezera zinthu zozungulira, ndi limene limasonyeza bwino kuopsa kongotengera. Linayamba mu 1988 ndi Larry Shaw ku Exploratorium, mumzinda wa San Francisco, ndipo limakhala pa 14 Malichi chifukwa ku America amayamba kulemba mwezi, 3/14, zofanana ndi 3.14. Mu 2019 UNESCO inalisandutsa tsiku la masamu padziko lonse. Ife timalemba 14/3, ndipo nthabwalayo imafera pomwepo. Lathu ndi 22 Julayi, 22/7, nambala yomwe ana amaigwiritsa kale ntchito m'kalasi, ndipo imayandikira pi weniweni, 3.14159, kuposa mmene 3.14 amayandikirira. Nyengo imeneyo chimanga chimakhala chitalowa m'nkhokwe, kwa amene akadali nazo poti ambiri anasamukira ku matumba. Zungulizani chingwe pankhokwe mothinitsa, kenako funsani: tikafuna kuti chingwechi chitalikire mita imodzi kuchokera kunkhokwe mbali zonse, tiwonjezere chotalika bwanji? Yankho ndi mamita 6 ndi masentimita pafupifupi 28. Ndiye funsani zomwezo za chingwe chozungulira dziko lonse lapansi. Anthu amatchula makilomita zikwizikwi. Yankho ndi lomwe lija, mamita 6 ndi masentimita 28, chifukwa chowonjezeracho ndi pi kuchulukitsa ndi 2, kaya chozunguliridwacho ndi lichero kaya ndi dziko. Palibe amene amakhulupirira mpaka atayesa ndi chingwe pa ndowa ndi pa nkhokwe. Ili limafuna wotsogolera wodziwa masamu pang'ono, ndipo limagwa nthawi imene sukulu zili pa mayeso kapena zikutsekera, choncho limayenera kalabu ya achinyamata kuposa kalasi.

Sudoku, sewero lodzaza manambala 1 mpaka 9 m'timabokosi osabwereza nambala mumzere umodzi, ali ndi tsiku lake pa 9 Seputembala, 9/9, potengera mizere 9 yopingasa ndi 9 yotsitsa. Anamuyambitsa ndi Howard Garns wa ku America mu 1979, kampani ya Nikoli ya ku Japan inamupatsa dzinali mu 1984, ndipo anafalikira dziko lonse atayamba kutuluka m'nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 2004. Safuna chilankhulo chilichonse, ndipo amene wamuzolowera samusiya. Koma ndi sewero la munthu mmodzi, mutu uli pansi, ndipo kupanga wanu pamanja amene ali ndi yankho limodzi lokha ndi ntchito yowawa. Mu 2012 Gary McGuire wa ku Dublin anatsimikiza ndi makompyuta kuti manambala operekedwa poyamba sangachepere 17 ngati yankho likhale limodzi. Izi zikukuuzani kuti si zongolemba manambala mwachisawawa. Wamng'ono wa mizere inayi ndiye wotheka. M'malo mwa manambala ikani chimanga, mtedza, soya ndi fodya: mzere wopingasa ndi munda, wotsitsa ndi chaka, ndipo mbewu isabwerezedwe m'munda umodzi kapena m'chaka chimodzi. Mlimi aliyense amazindikira msanga kuti ndi kasinthasintha wa mbewu, ndipo Seputembala ndi mwezi umene anthu amakhala akuganiza kale zoti chaka chino abzala chiyani pati.

Masiku ena ndi ongowasiya. Pa 19 Seputembala kuli tsiku lolankhula ngati achifwamba a panyanja, limene John Baur ndi Mark Summers a ku Oregon anayambitsa mu 1995. Nthabwala yake yonse ili m'katchulidwe ka Chingerezi cha m'mafilimu, ndipo m'Chichewa mulibe chogwira. Ngati mwaumirira, tengani bwato lokhalo: munthu ali ndi fisi, mbuzi ndi thumba la chimanga, Bua wadzaza, ndipo bwato limanyamula iye ndi chinthu chimodzi, koma akawasiya okha fisi adya mbuzi, mbuzi idya chimanga. Amawoloka maulendo 7, ndipo chinsinsi ndi kubwerera nayo mbuzi pa ulendo wachinayi. Tsiku la amanzere, pa 13 Ogasiti, limene linayamba mu 1976, ndi labwino pokumbutsa makolo kuti asamamenye mwana chifukwa cholembera kumanzere, koma sewero loyesa nzeru lochokera mmenemo ndi lochepa. Kulemba dzina ndi dzanja losazolowera kumaseketsa mphindi ziwiri basi.

Nanga musankhe liti?

Ngati anthu anu ndi osakanikirana, ana ndi akulu, odziwa kuwerenga ndi osadziwa, pitani ndi mawu otembenuza pa 31 Januwale, bodza la pamsika pa 1 Epulo ndi ndagi zopeka pa tsiku la dzira. Onsewa ndi apakamwa, salira ndalama, ndipo awiri oyambawo msampha wake wachokera m'tsiku lenilenilo. M'kalasi yokhala ndi bolodi ndi choko onjezanipo timabokosi ta maphatikizo ndi kulota mawu a malembo asanu. Kalabu ya masamu itenge 22 Julayi ndi 29 Febuluwale, sudoku akhale wa amene amukonda okha. Mawu opingasa ndi otsitsa a lembo limodzilimodzi ndimawaika kumapeto, pamodzi ndi chilichonse chomasuliridwa kuchokera pa intaneti chimene nthabwala yake imafuna kuti muyambe mwafotokoza mmene amalankhulira ku America.

Pa gulu la WhatsApp miyambi ya emoji ndi bodza la pamsika ndizo zimayenda, koma pamafunika lamulo limodzi lokhwima. Funso likaponyedwa m'mawa, mayankho apite kwa woyendetsa gulu payekha, osati pagulu, ndipo iye aulule madzulo anthu ataweruka kumunda ndi kumsika. Popanda lamulo limeneli, mnyamata mmodzi wokhala ku Lilongwe amene ali ndi intaneti ya kuofesi amayankha m'mphindi imodzi, ndipo onse a ku Mkanda amene amatsegula foni usiku amapeza funso ndi yankho zitagundizana kale.